MILIYONI NDI MAKHALIDWE ACE

Mau akuti "miliyoni" amamveka masiku onse pa wailesi, makamaka pa nkhani za mkuwa ndi za ndarama za Boma. Komatu ambiri amene amachula mauwa sadziwa ukulu wa nambalayi, ngakhale makhalidwe ace.

Miliyoni ndiyo zikwi 1,000, ndipo ilembedwa motere: 1,000,000. Munthu atati awerenge nambala imodzi pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku osapuma, adzafika pa miliyoni patapita masiku 11 ndi maora pafupifupi 14. Koma kuti afike pa biliyoni, ndiyo mamiliyoni 1,000, adzatha zaka zopitirira 31. Cotero wolankhula za ngongole ya dziko asasokoneze ziwirizi.

Akatswiri a masamu amaika manambala m'magulu monga mwa kagawikidwe kace. Coyamba, miliyoni iri m'gulu la manambala ogawika pawiri popanda cotsala. Caciwiri, iri sikweya, pakuti 1,000 kucurukitsa ndi 1,000 ndiyo miliyoni: munda wa mizere 1,000, mzere uli wonse wa mapando 1,000, uli ndi mapando miliyoni. Cacitatu, 100 kucurukitsa ndi 100, ndi kucurukitsanso ndi 100, ibala miliyoni yomweyo.

Alipo manambala ena, monga 2, 3, 5 ndi 7, amene sagawika ndi nambala yina koma 1 ndi iwo okha. Amenewa achedwa "prime", ndipo ali ngati njerwa zomangira manambala onse. Pansi pa miliyoni alipo 78,498, ndipo wamkulu mwa iwo ndi 999,983. Miliyoni siiri m'gulu limeneli. Inamangidwa ndi njerwa za mitundu iwiri yokha, 2 kasanu ndi kamodzi, ndi 5 kasanu ndi kamodzi. Cifukwa cace ncakuti 10 ali yense ndiye 2 kucurukitsa ndi 5. Manambala onse okhoza kuigawa popanda cotsala alipo 49.

Nzeru imeneyi iri ndi nchito pogawana ndarama. Anthu 2, 4, 5, 8 kapena 10 angathe kugawana makwaca miliyoni molingana. Koma anthu 3, 7 kapena 9 sangathe. Nthawi zonse itsala kwaca imodzi. Akakhala 7, ali yense alandira K142,857. Codabwitsa ncakuti 999,999, yocepa ndi 1 yekha, igawika bwino ndi 3, 7, 9, 11, 13 ndi 37.

Pomariza, ukulu wa nambala pa pepala sindiwo ukulu wa cuma. Pa 1 January 2013 dziko la Zambia linacotsa maziro atatu pa ndarama zace, ndipo K1,000,000 yakale inasanduka K1,000 yatsopano, koma thumba la ufa limene inagula silinacepe. Wanzeru akamva za miliyoni ayambe wafunsa kuti, miliyoni ya ciani, ndipo igula zotani?