Nkhondo ya pa Phiri la Baguashan

Chilumba cha Taiwan, chimene kale chinkatchedwa Formosa, chinali m'manja mwa China. M'chaka cha 1895 China itagonja pankhondo, inapereka chilumbachi kwa Japan m'pangano la Shimonoseki, eni ake osafunsidwa. Iwo anakana kuperekedwa ngati mbuzi yolipira mlandu. M'mwezi wa May analengeza kuti ndi dziko loima palokha, ndipo Tang Jingsong anakhala pulezidenti.

Asilikali a Mfumu ya Japan atakocheza kumpoto kwa chilumbacho, Tang anathawira ku China asanathe nkomwe sabata ziwiri pampando. Otsalawo, ambiri a iwo anthu wamba, sanagwe mphwayi. Kumapeto kwa August anatchera mizinga pa phiri la Baguashan, pafupi ndi mzinda wa Changhua, kuti adani asawoloke mtsinje wa Dadu. Koma Ajapani anawoloka usiku mozemba nawadzidzimutsa, ndipo kutacha phirilo linalandidwa. Pa 21 October mzinda wa Tainan nawo unagonja. Japan inalamulira Taiwan mpaka 1945.

Anzanga amene tikukonzekera ubusa, taonani: mtsogoleri anapulumutsa moyo wake, amene anafera paphiripo ndi anthu ake. Nanga ife zikadzavuta, nkhosa tidzazisiyira yani?