Kodi mumadziwa kuti kuyendera limodzi ndi pangano?

Anthu awiri akhoza kutsata msewu umodzi, moyandikana, koma aliyense ali pa ulendo wake. Mu 1990, Margaret Gilbert, katswiri wa nzeru zakuya wobadwira ku Britain, analemba nkhani yofufuza kusiyana kumeneku. Iye anati anthu akagwirizana zoyendera limodzi amakhala atamangana. Wina akafulumira n'kusiya mnzake m'mbuyo, wotsalayo ali ndi ufulu womudzudzula kuti adikire, pomwe mlendo wongokumana naye panjira sangamudzudzule motero. Komanso wina sangangosiya ulendowo mnzake asanavomere.

Michael Bratman wa ku yunivesite ya Stanford anaona mosiyana mu 1993. Kwa iye, chofunika n'chakuti aliyense afune kuti achitire limodzi, mapulani awo alumikizane, ndipo onse adziwe zimenezo. Udindo kwa mnzako subwera nthawi zonse.

Mtima wofuna kuchitira zinthu limodzi umayamba msanga. Mu 2006, ofufuza a ku Leipzig ku Germany anapeza kuti munthu wamkulu akasiya masewera mwadzidzidzi, ana a miyezi 18 mpaka 24 ankayesetsa kumubwezeramo, koma anyani a mtundu wa chimpanzi sankatero.