Woyesa Zoonongeka Amayamba Wayesedwa Yekha

Wachinyamata wa ku Ntcheu amene waitanidwa kumayeso a ntchito yofufuza za ngozi pa kampani ya inshuwalansi asataye nthaŵi ndi tayi yekha. Akuluakulu ofunsa mafunso amafuna munthu wa diso lakuthwa ndiponso wosagulika.

Angampatse chitsanzo chotere: lole yonyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano yagubuduzika pa mseu wa M1 pafupi ndi Lizulu. Kodi iye angayambire pati? Wokonzeka bwino adzayamba ndi lipoti la apolisi, laisensi ya dalaivala ndi kulemera kwa katunduyo. Kenaka adzaŵerenga pangano, pakuti inshuwalansi ya third party, imene lamulo limakakamiza, imalipira anthu ena opwetekedwa, osati lole ya mwiniyo.

Adziŵenso kuti kampani ya NICO inakhazikitsidwa mu 1971, ndi kuti makampani onse a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Koma funso lolemera ndi ili: nanga mwini loleyo atakhala malume ake? Yankho loyenera n'lakuti aulule chibalecho, nkhaniyo ipatsidwe kwa wina. Chibale ndi fupa, sichiola, komatu sichilemba lipoti.