Sukulu ya ku Garneton ndi munda wake wa sitiroberi

Garneton ndi dera la kumpoto kwa mzinda wa Kitwe ku Zambia, ukapatuka pa msewu wopita ku Chingola. Kale kunali mapuloti akuluakulu a azungu, koma lero m'mbali mwake munamera makomboni amene mabanja ambiri amadalira ganyu, makala ndi timalonda ta pamsika. Kumeneko bungwe lachikhristu la Lifesong for Orphans, lochokera ku Illinois m'dziko la America, limayendetsa sukulu ya ana amasiye ndi ana ochokera m'mabanja ovutika. Anawo amaphunzira, amadya pasukulu pomwepo, amamvanso mawu a Mulungu. Zimenezi mamishoni ambiri amachita. Chachilendo ndi munda wa sitiroberi, zipatso zija timagula pa phiri la Zomba, umene bungweli linatsegula kuderali. Mundawu umalemba ntchito anthu a komweko, zokolola zimagulitsidwa m'masitolo a m'tauni, ndipo phindu limathandiza sukulu. Kuona kwanga, mundawu ngofunika ngati makalasi omwe, chifukwa sukulu yodalira chopereka cha kutsidya kwa nyanja chokha imakhala ndi moyo wobwereka.

Mbiri ya Copperbelt, dera la migodi kumene kuli Kitwe, ikuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1920, anthu obwera kudzagwira ntchito m'migodi, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland, anayamba okha kusonkhana, kupemphera ndi kuphunzitsana, amishoni asanakhazikike m'makomboni. M'busa R.J.B. Moore wa London Missionary Society atafika ku Mindolo, ku Kitwe komweko, m'ma 1930 anapeza mpingo uli kale pamenepo. Mu 1936 mamishoni angapo anagwirizana n'kupanga United Missions in the Copperbelt, ndipo imodzi mwa ntchito zake zazikulu inali kuyendetsa masukulu a ana a anthu a m'migodi. Pofika m'ma 1950 masukuluwo anapita m'manja mwa boma ndipo mgwirizanowo unatha. Chimene chinakhalitsa ndi mpingo wa eni nthaka uja, umene unadzalowa mu United Church of Zambia pamene inabadwira ku Mindolo mu Januwale 1965, mpingo umene mpaka lero uli ndi masukulu monga Chipembi Girls ndi Kafue Boys. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngakhale kampani ya migodi ya ZCCM, imene inkasamalira zipatala ndi masukulu m'matauni a migodi, itagulitsidwa pomafika 2000 inasiya anthu ambiri pa ulova, pa nthawi yomwe Edzi inali kuchulukitsa ana amasiye.

Ena anganene kuti nthawi ya sukulu za mishoni inatha. Boma la Zambia linathetsa fizi ku pulayimale mu 2002, ndipo mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere mpaka ku sekondale, n'kulemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho. Iyi ndi ntchito yaikulu ndipo palibe mishoni ingafanane nayo. Koma ana atakhamukira kusukulu makalasi anadzaza, ndipo kuthetsa fizi sikunathetse njala. Mwana amene akuleredwa ndi agogo, wopanda yunifolomu, wogona ndi njala, amasiya sukulu ngakhale ikhale yaulere. Mwana ameneyu ndiye mishoni ingamufikire, ndipo agogo ake akapeza ntchito kumunda, nsima imapezeka kunyumba ngakhale nthawi ya holide.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kwambiri: kodi nsima ya pasukulu si nyambo yokopera ana ku chipembedzo? Munthu wanjala savuta kuvomera, ndipo amishoni oona mtima ayenera kuchita nazo mantha zimenezi. Sindikuona cholakwa kuti sukulu yachikhristu iphunzitse Baibulo poyera, makolo akudziwa. Cholakwa chingakhale kumana mwana malo kapena chakudya chifukwa kwawo amapemphera kwina, kaya ku Katolika, ku Chitawala kapena kumzikiti.

Palinso funso limene munda pawokha sungayankhe. Sitiroberi ndi chipatso cha anthu opeza bwino, chimafuna madzi othirira, malo ozizira osungiramo ndi msika wodalirika, ndipo mpamba woyambira unachokera kunja. Ngati mundawo ndi sukuluyo zingakhale zolamulidwa kuchokera ku Illinois mpaka kalekale, ndiye kuti kudalira kuja kwangosintha malaya. Choncho anthu a ku Garneton, mipingo yawo ndi khonsolo ya Kitwe ali ndi ufulu wofunsa kuti ndani amakhala m'komiti yoyendetsa sukulu, ndani amasunga mabuku a ndalama za kumunda, ndiponso ndi ana angati ophunzira pamenepo amene akukonzekeretsedwa kudzakhala aphunzitsi ndi akapitawo a mundawo.