Mpando wa Pawindo

Kwathu ku Goliati ndege timaidziwira kumimba. Ikamadutsa ana amasiya mpira, amayi amene ali m'dimba la matimati amaweramuka, kenako aliyense n'kubwerera ku zake. Koma tsiku limakwana: mwana wa ku Lilongwe watumiza tikiti, kapena mpingo wakutumani ku msonkhano.

Kuchoka pa Chileka kukatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi sipatha ola, pomwe pa basi timathera theka la tsiku. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo ambirife mwayi wotere sutipeza kawiri. N'chifukwa chake nkhani ya mpando si yaing'ono.

Mbali iti?

Pemphani mpando wa pawindo pogula tikiti, kapena lawirirani ku bwalo. Popita ku Lilongwe khalani kumanja. Kumeneko ndi kum'mawa, komwe kuli phiri la Zomba, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe. Pobwerera khalani kumanzere. Kukayera bwino muona Mulanje patali, nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, itatulukira pamwamba pa mitambo. Pakati pa phirilo ndi Blantyre ndiye kwathu.

Mbali imeneyi imaoneka bwino masana, chifukwa m'mawa dzuwa limathobwa m'maso. Pewani mipando yapakati pa ndege yaikulu, poti phiko limatchinga zonse. Nyengo nayo ili ndi mbali yake: mu Meyi ndi Juni kumayera, koma kuyambira Ogasiti utsi wa moto wolusa umaphimba dziko.

Thupi nalo

Makutu amatseka ndege ikamatsika chifukwa mphamvu ya mpweya imasintha. Mezani malovu kapena yasamulani, ndipo khanda liyamwitseni nthawi imeneyo. Mukamva mseru, yang'anani patali pamene thambo lakumana ndi dziko. Akamagawa zakumwa, madzi ndi okwanira. Ngati muli ndi mwana, musiyireni windolo. Adzasimba mpaka kukalamba.

Zimene tinaona

Ife tinakwera tikuyembekezera kukongola, ndipo tinakuonadi. Shire ankanyezimira ngati lata latsopano, midzi itamwazikana m'mphepete mwake. Koma windo silibisa kanthu. Mapiri ambiri ndi ometedwa mpala, ndipo mitengo yothithikana yatsala m'manda mokha. Titayandikira Blantyre tinaona zipsera m'mapiri, momwe nthaka inagumukira pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, n'kukwirira nyumba ndi anthu.

Apa tinakumbukira kwathu. Minda ya tiyi ya ku Thyolo imabiriwira chaka chonse. Ife tiyi sitimwa, koma phunziro lilipo: nthaka yofunda sikokoloka. Kungodumpha malire a esiteti, minda yathu ili mbee, ndipo mvula ikagwa mitsinje imafiira ndi dothi lomwe likanadyetsa ana athu.

Sabata lililonse timapembedza Mlengi. Iye ntchito yoyamba imene anapatsa munthu inali yosamala munda. Tili pansi timaona thumba limodzi la makala, mtengo umodzi wogwetsedwa, n'kumati palibe kanthu. Kumwamba kuja zonse zimaonekera pamodzi.

Choncho tsiku lanu likakwana, pemphani wa pawindo. Ife titafika kunyumba tinafesa mbawa ndi mthethe m'timachubu kuseri kwa khitchini. Tikudikira mvula yoyamba.