KUIKA ZITSULO ZATSOPANO PA NJINGA YAKALE

Munthu akaima m'mawa m'mbali mwa mseu wa Great East, pakati pa Chongwe ndi Lusaka, amaona njinga zolemedwa ndi matumba a makala, matimati ndi ndiwo zamasamba. Ulendowo ndi wa makilomita ngati 45, ndipo zina mwa njingazo ndi zakale kuposa eni ace amene azipalasa. Felemu ya citsulo imakhala zaka zambiri ikapanda kugundidwa kapena kudyedwa ndi dzimbiri. Koma zitsulo zimene zimatenga mphamvu ya mwendo ndi kuipereka ku gudumu la kumbuyo zimatha, ndipo ziyenera kusinthidwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, cifukwa zitsulo ziwiri zingafanane pamaso koma osalowa malo amodzi.

Tiyeni tiyambe taona mmene mphamvuyo imayendera. Phazi liponda pedulo; pedulo ikankha mkono wa citsulo wochedwa kilanki; kilanki izunguza giya yaikulu ya mano; giyayo ikoka cheni; ndipo cheni cizunguza giya yaing'ono ya kumbuyo, ija imalira pang'onopang'ono mukaleka kupalasa potsetsereka. Makonzedwe awa anafala ndi njinga ya Rover imene J. K. Starley anapanga ku Coventry m'caka ca 1885, ndipo mpaka lero sanasinthe kwenikweni.

Cimene cimayamba kutha ndi cheni. Kucokera pa msomali umodzi wa cheni kufika pa unzake pali theka la inchi, pa njinga ya mtundu uli wonse. Fumbi la m'cilimwe likasakanizana ndi mafuta limasanduka ngati mcenga wotsukira mapoto, nilipala timisomalito usana ndi usiku, kotero kuti cheni cimatalika. Mungathe kuyesa ici ndi rula yanu ya kusukulu. Ikani ciyambi ca rula pakati pa msomali umodzi. Pa cheni catsopano, cizindikiro ca mainchi 12 cigwera pakati peni-peni pa msomali wina. Msomaliwo ukapitirira cizindikiro ndi gawo limodzi la magawo 16 a inchi, nthawi yogula cheni cina yakwana. Ukapitirira ndi gawo limodzi la magawo 8, dziwani kuti magiya naonso adyeka, ndipo mano ao aoneka osongoka ndi okhota ngati minga ya kankhande.

Munthu woumira ndalama amagula cheni cokha, nasiya giya yakale. Pa malo a cidikha zonse zioneka bwino. Koma pa citunda, pamene aponda ndi mphamvu yonse ali ndi matumba kumbuyo, cheni catsopano cikwera pamwamba pa mano odyekawo nicidumpha, phazi ligwa mwadzidzidzi, ndipo munthu angavulale. Cheni ndi magiya zimakalamba pamodzi. Samalaninso za kukula kwa cheni m'mimba mwace: ca njinga ya giya imodzi ndi ca gawo limodzi la magawo 8 a inchi, koma ca njinga ya magiya ambiri ndi copyapyala, ndipo sicikhala pa mano onenepa.

Posankha giya ya kumbuyo werengani mano. Ngati ya kutsogolo ili ndi mano 44 ndi ya kumbuyo 22, gudumu lizungulira kawiri mukaponda kamodzi. Ya kumbuyo ikakhala ya mano 18, gudumu lizungulira pafupi-fupi kawiri ndi theka: njinga ithamanga, koma ilemera pokwera. Anyamata amakonda yaing'ono. Wonyamula katundu acita mwanzeru akasankha yaikulu, ngakhale idzafuna cheni cotalikirapo ndi inchi imodzi.

Tsono tifike pa nchito imene ingaononge njinga yonse. Pansi pa felemu pali cibowo mmene mupita citsulo cozungulira cogwira makilanki awiri aja. Mbali zonse ziwiri cibowoco cimatsekedwa ndi tizikho ta citsulo tosunga timipira ta citsulo, 11 mbali imodzi, 11 mbali inayo. Tizikhoto timalowa mozunguza, potsata timizere tozungulira timene amisiri amati mazinga. Njinga zambiri zili ndi mazinga 24 pa inchi imodzi, ndipo zikho zambiri za m'masitolo zimapangidwa motero. Koma njinga zakale za Raleigh zopangidwa ku Nottingham zili ndi mazinga 26. Diso silingaone kusiyanako. Cikho cacilendo cilowa bwino pozunguza kawiri kapena katatu, kenaka ciuma. Wosadziwa amatenga sipanala yaitali nakakamiza, ndipo mazinga a felemu amaphwanyika. Cheni cingagulidwe mawa, koma mazinga a felemu sagulidwa m'sitolo. Cifukwa cace mmisiri wabwino amayamba kuzunguza ndi zala zokha. Cikho cikakana, amacibweza. Ngati zikho zakale zili zosalala m'kati, ndi bwino kuzitsuka ndi parafini, kuika timipira tatsopano ndi girisi, ndi kuzibwezera.

Pali cinanso cosokoneza. Zomanga zambiri zimalimba pozunguza kumanja, monga uyendera muvi wa wochi. Koma pedulo ya kumanzere imalimba pozunguza kumanzere, ndipo pa njinga za mazinga a ku Britain cikho ca mbali ya cheni cimateronso. Anazipanga dala motero kuti zisamasuke zokha popalasa. Mapedulo ambiri ali ndi cilembo L kapena R pa citsulo cace, yang'anani musanamange.

Pa njinga zakale kilanki imagwidwa ndi kamsomali kochedwa kotapini, kamene kali kosemedwa mbali imodzi ngati mphero ya khasu. Za njinga za ku Britain ndi za mamilimita 9 ndi theka, zina ndi za 9 okha. Kotapini yatsopano kawiri-kawiri ifuna kupalidwa pang'ono ndi tupa. Ilowetsedwa ndi nyundo, kilanki itatsamira pa cinthu colimba, ndipo nati imangidwa pambuyo pace. Nati yokha siikoka kotapini, ingoduka. Ziwirizo ziloze mbali zosiyana, kuti mapedulo akhale moongoka.

Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba m'caka ca 2005, zinapangidwira miseu ya kumidzi ndi katundu wa makilogalamu 100 pa kaliyala. Zitsulo zace ndi zolimba, koma musaganize kuti ciri conse ca izo cilowa pa Raleigh kapena Humber ya agogo anu. Mukatumidwa kusitolo ku Chongwe kapena ku Lusaka, nyamulani citsulo cakale m'thumba, muciike pambali pa catsopano, muwerenge mano, muyesenso nati yakale pa mazinga atsopano.

Zonse zikamangidwa, kokerani gudumu kumbuyo kufikira cheni cizigwedera theka la inchi cabe mukacikankha ndi cala pakati. Dontheza mafuta pang'ono pa msomali uli wonse, pukutani otsala ndi kansanza kuti asaitane fumbi, ndipo yambani mwaiyesa njingayo pabwalo isanasenze katundu.