Mfumu George VI: Bambo wa Banja Amene Adapirira Matenda Kufikira Imfa

Pa 31 January, 1952, anthu amene adasonkhana pa bwalo la ndege la London adaona Mfumu George VI itaima pa mphepo yozizira, nkhope itafooka, ikutsazika mwana wake Elizabeth amene anali kupita ku Kenya m'malo mwa atate ake odwala. Patapita masiku 6, Mfumuyo idamwalira ili m'tulo ku Sandringham, ili ndi zaka 56. Popeza dziko lathu, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, linali pansi pa ufumu wake, ndipo asilikali athu a King's African Rifles adamenya nkhondo ku Burma m'dzina lake, nkoyenera kuti tikumbukire za munthuyo.

Iye adabadwa mu 1895, ndipo sadayembekeze kulowa ufumu pakuti anali mwana wachiwiri. Kuyambira ubwana anali wachibwibwi, kotero kuti kulankhula pa gulu kunali chinthu choopsa kwa iye, kufikira mu 1926 pamene Lionel Logue wa ku Australia adayamba kumphunzitsa kalankhulidwe. Adavutikanso ndi chilonda cha m'mimba, chimene madokotala adachita opaleshoni mu 1917. Koma mkulu wake Edward VIII atatula ufumu mu December 1936, katunduyo adagwera munthu wamanyazi ameneyu. Akulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iye sadalewe.

Mphamvu zake adazipeza m'malo awiri, kwa Mulungu ndi m'banja lake. Adakwatira Elizabeth Bowes-Lyon mu 1923, nabala ana aakazi awiri, Elizabeth mu 1926 ndi Margaret mu 1930, ndipo chimwemwe chake chachikulu chinali kukhala nawo pakhomo. Ngakhale pa ulendo wa mu 1947 wa ku South Africa ndi ku Rhodesia adapita onse anayi pamodzi. Pamene asilikali a ku Mangalande adazingidwa ku Dunkirk, iye adaitana anthu ake onse ku tsiku la mapemphero pa 26 May, 1940, napita iyenso kukapemphera ku Westminster Abbey. Mabomba atagwera nyumba yachifumu ya Buckingham mu September chaka chomwecho, iye ndi mkazi wake sadathawe kunja kwa dziko.

Nkhondo itatha, thupi lake lidayamba kutha. Mu 1948 mitsempha ya magazi ya m'miyendo idatsekeka, mpaka madokotala adaopa kuti adzadula mwendo wakumanja; opaleshoni ya mu March 1949 ndiyo idaupulumutsa. Mu September 1951 adamchotsa phapo lakumanzere chifukwa cha khansa. Lero tidziwa bwino kuti fodya amene ankasuta kwambiri ndiye muzu waukulu wa matenda otere, ndipo ichi chikhale chenjezo kwa ife. Komabe sadaleke kuwerenga makalata a boma, ndipo mawu ake a Khirisimasi a mu 1951, amene analibe mphamvu yowalankhula nthawi imodzi, adawajambula pang'onopang'ono kuti anthu ake awamve pa wailesi monga mwa chizolowezi.

Tsono ife aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma tiphunzirepo chiyani? Ambiri a ife tili ndi mnzathu, kapena mbale m'nyumba, amene wadwala zaka zambiri, ndipo tidziwa kuti matenda amgonagona amayesa mtima koposa thupi. Amabweretsa ukali, kudandaula ndi kutaya chikhulupiriro. Mfumu George nayo inali ndi mtima wapachala, ndipo a m'banja lake adaudziwa. Koma idagwira ntchito imene sidaifune, nisunga banja lake ndi mapemphero ake kufikira tsiku lomaliza. Mwana wake, amene adalamulira zaka 70 kufikira mu 2022, adaphunzira khama limenelo pa khomo la atate ake. Ana athu nawonso akuyang'ana mmene ife tisenzera mavuto athu.